Kadontho Koyera Kamene Alamu Ankafufuta

Alamu anga ndi wojambula zithunzi. Situdiyo yawo ndi kachipinda kamodzi pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni, ndipo mumsewu wonsewo palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Aliyense amangoti a Mwetulirani, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka mkamwa mwawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ali ndi diso limodzi. Lakumanzere ndi lagalasi, looneka bwino ndithu, kungoti limachedwa kutsatira linzake. Iwo ankachita nalo nthabwala. "Anzanga amachita kutsinzina kuti ajambule," ankatero, "ine ananditsekeratu ndili khanda. Ntchitoyi inandisankha yokha."

Ine ndinakwatiwa ndi akulu awo, makaniko wa magalimoto, ndipo ndisakubisireni, ndikulemba izi ndili ndi mkwiyo. Mwana wa alamu angawo, amene timamutcha Kabatani chifukwa cha kamphuno kake, naye lero ali ndi diso lagalasi, ndipo lotsalalo tinachita kulilanditsa. Sizinayenera kufika pamenepo. M'banja mwathu munali munthu amene akanangotsegula pakamwa, mwanayo akanakhala ndi maso ake onse awiri.

Nkhani ya diso la alamu ndinaimva ndisanalowe n'komwe m'banjamo. Anandiuza ndi amuna anga tili pachibwenzi, nkhope ili pansi ngati munthu amene ali m'khoti. Akuti iwo ali ndi zaka zisanu, mng'ono wawo akukwawa, ankaseweretsa ambulera yothyoka, waya wake n'kulowa m'diso la mwana. "Ndinamuboola ndine," anatero. "Ukandilola, undilole ukudziwa kuti ndili ndi mlandu wosatha." Ine ndi utsikana wanga ndinangoti iii, mwamuna wa mtima wabwino bwanji! Sindinadziwe kuti mlanduwo ndikausenza nawo.

M'nyumba mwanga simunkalowa ambulera. Mvula ikamagwa ndinkayenda ndi pulasitiki kumutu ngati wamisala, ana anga n'kumafika kusukulu ali chonyowa, akazi anzanga akundiseka kuti kodi makaniko wanuyo akulephera kukugulirani kaambulera? Amuna anga anasiya sukulu msanga n'kulowa m'galaja kuti mng'ono wawo aphunzire. Ndi iwo amene anapezera alamu kamera yoyamba. Chitseko cha situdiyo chikavuta, denga likadontha, waya wa magetsi akapsa, galaja inkatsekedwa. Ndipo akamayenda awiriwo mumsewu, amuna anga nthawi zonse ankakhala kumanzere, mbali yosaona ija, kuti njinga kapena mtengo zisamugunde mng'ono wawo. Ankachita zimenezi osaganiza n'komwe. Apongozi anga sankawakumbutsa mlanduwo ndi mawu olunjika, ayi. Akafuna chinthu ankangousa moyo n'kunena kuti, "Mwana uja akanakhala ndi maso onse awiri..." Chiganizocho sankachimaliza, koma amuna anga ankakhala atanyamuka kale.

Tsono alamu ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingawamane. Kujambula kokha amajambula ambiri, koma iwo luso lawo linali kukonza. Kale, nthawi ya mafilimu, ankakhala pansi pa nyale ndi kaburashi kochepa ngati nsidze, n'kumachotsa ziphuphu pa chithunzi chimodzichimodzi. Kompyuta itabwera anangokhala ngati nsomba imene yaponyedwa m'madzi. Zipsera, makwinya, mano olowana, kolala yopindika, zonse zinkatha. Mtsikana akasiyana ndi chibwenzi ankabwera ndi chithunzi, alamu n'kumuchotsapo mnyamatayo, pamalo pake n'kuikapo mphika wa maluwa. "Palibe munthu wonyansa," ankatero, "pali kuwala koipa basi." Ana olira ankawapirira kuposa amayi awo omwe, akuliza kabelu ndi dzanja limodzi kwinaku akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene ankadana nacho kwambiri ndi kufiira kwa maso kobwera ndi fulashi. Ankati kumam'sandutsa munthu mfiti. Ankakuchotsa asanafunsidwe, pa chithunzi chilichonse, dzanja likungoyenda lokha iwo akucheza ndi kasitomala. Kutenga kakuda apa, kuika apo, kwatha.

Anakwatira mochedwa. Akazi ankawakonda pocheza, koma nkhani ikafika pa banja ankayamba kuyang'ana diso lija. Kenako anapeza mayi wina wosoka zovala, wofatsa, wosayankhulayankhula, ndipo patapita nthawi kunabadwa Kabatani. Munthu sanasangalalepo ngati mmene anasangalalira alamu. Mwanayo anajambulidwa akugona, akuyasamula, akusamba, akulira. Tinkawaseka kuti mwanayu adzayamba kunena kuti "mwetulirani" asananene kuti "amama".

Tsiku lina apongozi anavala diresi yawo yabwino n'kupita ku situdiyo kuti akajambulitse ndi mdzukulu wawo. Ndinawaperekeza ndine. Anakhala pampando kutsogolo kwa chinsalu chija chojambulidwa masitepe ndi maluwa, mwana ali pamiyendo, alamu akuliza kabelu. Fulashi inang'anima. Chithunzi chitatuluka pa kompyuta tonse tinaunjikana kuti tione. Diso lakumanja la Kabatani linali lofiira monga mwa nthawi zonse. Lakumanzere linali ndi kadontho koyera pakati penipeni, koyera ngati batani la shati.

"Fulashi iyi yayamba misala," anatero alamu, n'kukulitsa chithunzicho mpaka diso lokha linadzaza galasi lonse.

Apongozi anali ataima pambali panga. Ndinawamva akusiya kupuma. Anagwira mpando, n'kupempha madzi akumwa, ine ndikuganiza kuti ndi kutentha kwa magetsi a mu situdiyo. Atamwa anayang'ananso pa kompyutapo n'kunena mawu amene mpaka lero amandilira m'khutu.

"Fufuta icho. Chikunyansitsa mwana."

Alamu anatenga kakuda, n'kuika. Maso onse awiri anakhala okongola, akuda bii. Chithunzicho anachiika mu felemu yagolide ndipo apongozi anakachipachika pabalaza pawo, pamwamba pa wailesi.

Kuyambira pamenepo kadontho kaja kankabwera pafupifupi pa chithunzi chilichonse cha mwanayo. Alamu anagula fulashi ina. Anapukuta galasi la kamera, anasuntha magetsi, anasintha chinsalu, anafika mpaka pokangana ndi amene anawagulitsa kamerayo. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akukonza zolakwa za kuwala sakanaganiza kuti ulendo uno kuwala kukunena zoona. Ankangofufuta n'kusindikiza. Apongozi nawo anayamba kubwera kawirikawiri. Anamugulira mwana kachipewa koteteza dzuwa. Ankamunyamula n'kupita naye pawindo, kumutembenuza nkhope uku ndi uku, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Ife tinkati chikondi cha agogo.

Miyezi inapita yambiri ndithu, mwana anayamba kuyenda. Kenako diso lija linayamba kuyang'ana kumbali, ndipo masana ena amake anamuona akutuluka kuchipinda kwa mdima, disolo likunyezimira ngati la mphaka. Kuchipatala chaching'ono anawapatsa mankhwala odonthezera. Atabwererako kachiwiri ndi pamene anawatumiza kuchipatala cha maso. Tinapita tonse, chifukwa amuna anga sakanalola mng'ono wawo ayende m'makonde achilendo popanda munthu kumanzere.

Dokotala anali mayi wamfupi, wa magalasi, wosathamanga poyankhula. Anamugoneka mwana ndi mankhwala kuti amuone bwino mkati mwa maso, kenako anatiitanira m'chipinda chake. Anati m'diso lakumanzere muli chotupa chachikulu, chatsala pang'ono kulidzaza, ndipo m'lakumanja muli tiwiri ting'onoting'ono. Anati ndi khansa. Amake Kabatani sanalire, anangogwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako dokotala anatembenukira kwa alamu.

"Bambo, diso lanu linatani?"

Amuna anga ndi amene anayankha, mwachangu, ngati mwana wa sukulu amene yankho analiloweza. "Ndinamuboola ndine, adokotala. Ndi waya wa ambulera. Tili ana."

"Mungandilole ndione m'diso lanu labwinoli?" anafunsa dokotala, akuyang'anabe alamu.

Anawadonthezera mankhwala, tinadikira pabenchi, kenako anawaunika nthawi yaitali. Atamaliza anavula magalasi ake n'kuwaika patebulo.

"M'diso ili muli zipsera zakale," anatero. "Si za ngozi. Ndi zipsera zimene timasiya ife madokotala tikapha tizotupa ngati timene tili mwa mwana wanu. Waya ukalasa diso limodzi susiya zimenezi m'linzake. Inu munadwala matenda omwewa muli khanda. Diso lina analichotsa kuti mukhale ndi moyo, linali analipulumutsa."

Amuna anga anaseka. Kuseka kwenikweni, kwa munthu amene wamva zopanda mutu. "Ayi adokotala, ine ndikukumbuka. Inali ambulera yakuda, chogwirira chamtengo."

Dokotala sanatsutsane nawo. Anafunsa ntchito imene amagwira, atamva kuti ndi makaniko anati ndiye zikhala zosavuta. Anafotokoza kuti thupi lonse linamangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo mu selo iliyonse muli malangizo amene timatengera kwa makolo, otchedwa majini. Jini iliyonse ntchito yake ndi kupangitsa puloteni yakeyake. "Pali jini imodzi," anatero, "imene puloteni yake ndi buleki. Selo ikafuna kugawikana kuti zikhale ziwiri, puloteni imeneyi imaigwira kuti dikira, nthawi sinakwane. Munthu aliyense amabadwa ndi jini imeneyi ziwiri, ina ya kwa bambo, ina ya kwa mayi. Imodzi ikaonongeka, inzake imagwirabe. Koma mng'ono wanuyu anabadwa imodzi ili yofa kale m'thupi lonse, ndipo mwana wake watengera yomweyo."

"Ndiye akuyendera buleki imodzi," anatero amuna anga, mawu atatsika.

"Eya. Tsono kuseri kwa diso kuli kansalu kamene kamalandira kuwala, ngati filimu mu kamera. Mwana akakhala wamng'ono maselo a pamenepo amagawikana kwambiri. Mu selo imodzi yokha buleki yotsalayo ikaduka, puloteni ija sipangidwanso, ndipo palibe choiimitsa. Imangochulukana mpaka kukhala chotupa choyera. Diso labwino mukaliwalitsa ndi fulashi limabweza kufiira, chifukwa kuwala kwafika kuseri kumene kuli magazi. Likabweza zoyera ndiye kuti kuwala kwagunda chotupa. Kodi pa zithunzi za mwanayu simunaonepo kadontho koyera?"

Ndinayang'ana alamu. Nkhope yawo inali itachita phulusa. Zithunzi zosakonza sankazitaya, ndi khalidwe la ntchito yawo, ndipo zina zinali mu foni. Anatsegula chija cha tsiku la diresi, mwana ali pamiyendo pa agogo ake. Dokotala anachiyang'ana, n'kufunsa kuti mwana anali wamkulu bwanji pamenepo. Atauzidwa anangowabwezera foni. Amake Kabatani ndi amene anakakamira. "Adokotala, tiuzeni. Tikanabwera tsiku limeneli?"

"Mwina tikanalipulumutsa," anatero dokotala. "Koma bambo, musadziweruze ndi chithunzi chokha. Tikanadziwa mbiri yanu, mwanayu tikanayamba kumuunika atangobadwa, osadikira kadontho. Mwana aliyense wa munthu amene ali ndi jini yotere akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi wofanana. Makolo anu ayenera kuti anauzidwa zimenezi."

Alamu anatuluka n'kukakhala pansi m'khonde, pasimenti, anthu akuwalambalala. Amuna anga anakaima kumanzere kwawo.

Kwa apongozi tinapita masana a tsiku lotsatira, atatu, amake Kabatani atatsala ndi mwana kuchipatala. Tinawapeza akusita. Atationa nkhope anazimitsa ayironi n'kukhala pansi, manja pamiyendo, chithunzi chija chili pamwamba pa mutu wawo. Anayamba ndi alamu.

"Amayi, diso langa linatani?"

"Ukudziwa kale."

"Ndikufuna ndimve kwa inu."

Apongozi anayamba kuyankhula, osalira, osayang'ana munthu. Anati matendawo atapezeka, achibale a malemu apongozi aamuna anayamba kunena kuti mkaziyu wabweretsa magazi oipa, ndipo banja linatsala pang'ono kutha. Pobwera kuchipatala ndi mwana wa bandeji kumaso, oyandikana nawo anafunsa kuti watani, iwo pakamwa panangotuluka nkhani ya ambulera. Mwamuna wawo anaikonda nkhaniyo, chifukwa ngozi ilibe manyazi. Ndiye inakhala yomweyo.

"Munanamizira ine?" anafunsa amuna anga. Sindinawamvepo akuyankhula ndi mawu ang'ono choncho.

"Unali mwana. Ndinkati uiwala."

"Koma ndikuikumbuka, amayi. Yakuda. Chogwirira chamtengo."

"Nthawi imeneyo tinalibe ambulera," anatero apongozi. "Tinali osauka."

Amuna anga anayang'ana manja awo, manja akuda ndi girizi amene agwira sipanala kuyambira ali mnyamata, ngati akuwaona koyamba. Alamu anafunsa ngati madokotala akale aja ananenapo za ana awo. Apongozi anavomera. Anati madokotalawo anawauza kuti mnyamatayu akadzabereka, ana ake adzapite nawo kuchipatala cha maso akangobadwa.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Akanakulola ndani? Ndi diso lagalasi lokhalo unavutika kupeza mkazi. Ukanawonjezera kuti ana ako adzadwala khansa, ukanafa uli wekha. Ndinachitira iwe."

Alamu anadzuka n'kuloza chithunzi cha pakhoma. "Tsiku ili, amayi. Munachiona?"

"Ndinachiona."

"Munachidziwa?"

"Chinali ngati chako chomwe. Kungoti chako ndinachiona ndi nyali."

"Ndiye munati ndifufute?"

"Ndinkapemphera kuti chibwerere," anatero apongozi. "Ndinasala kudya. Ndikanati ndinene, ndikanayambira pati? Ndikanamuyang'ana bwanji mkulu wakoyu?"

Apa ine ndinaphulika. Ulemu wa mkamwana ndinausiya pakhomo. Ndinati amayi, kachipewa! Munaona khansa m'diso la mwana inu n'kukagula kachipewa! Ndinati wokutsina khutu ndiye mnansi, inu munali ndi khutu la mwana wanu m'manja tsiku lililonse, osatsina. Ndinati munasankha nkhope yanu, mwana n'kulipira ndi diso. Ndinanenanso zina zimene sindingalembe. Amuna anga anandigwira mkono n'kunditulutsa, ndipo panja anandiuza kuti ndi amayi awobe. Ndi zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukati umenye, uswa banja lonse.

Kenako kunabwera zoyeza magazi, chifukwa ine ndinali nditayamba kale kuyang'ana ana anga m'maso ndi mantha. Amuna anga anapezeka kuti alibe jini yoonongekayo. Apongozi, amene anachita kukokedwa kupita kukayezetsa, nawonso analibe. Dokotala anati nthawi zambiri vutoli limangoyambira pa mwanayo pamene akupangika, popanda kholo lolakwa. Mwamva? Magazi oipa amene mayiyo anawabisa moyo wake wonse, mpaka kusenzetsa mlandu mwana wa zaka zisanu, sanali ake n'komwe. Nditamva ndinasowa kuti ndiseke kapena ndilire.

Diso lakumanzere la Kabatani analichotsa. Lakumanja analimbana nalo kwa nthawi yaitali, kuwotcha tizotupa tija ndi kuwala, kumupatsa mankhwala a m'mitsempha amene anamuthothola tsitsi ndi kumusanzitsa, kumugoneka mobwerezabwereza kuti aone ngati kwamera kena. Kamodzi kanameradi, tonse mitima inali m'mwamba, koma anakapeza kakadali kakang'ono. Amake anaonda mpaka masiketi awo ankachita kuwabweza okha pamakina. Kwa apongozi sanapondekonso, ndipo kwa miyezi ingapo ngakhale mwamuna wawo sankamuyang'ana kumaso. Tsiku lina ndinawamva akunena motsitsa, "Ndikudziwa kuti simunadziwe. Koma manja amene anafufuta ndi anuwa." Alamu nawonso dokotala anawauza kuti buleki imodzi ija ili m'thupi lonse, osati m'maso mokha, choncho asiye fodya ndipo akamva chotupa paliponse asazengereze. Fodyayo anasiya tsiku lomwelo, munthu amene tinamulankhula zaka ndi zaka osamva.

Situdiyo ikadalipo, koma mwini wake anasintha. Ziphuphu ndi makwinya amachotsabe, ndi ntchito. Koma chithunzi cha mwana amayamba wachikulitsa n'kuyang'ana maso nthawi yaitali, ndipo kufiira kuja safufutanso mpaka kholo lione. Ena amadandaula kuti a Mwetulirani akalamba, ayamba ulesi. Bambo wina anamutumiza kuchipatala ndi mwana wake chifukwa cha kadontho, kukapezeka kuti palibe vuto, n'kubwera kudzawalalatira pakhomo kuti amuonongera tsiku. Alamu anangoti pepani, akumwetulira. Kabatani amamujambula ndi fulashi sabata iliyonse, chitseko chotseka, magetsi ozimitsa. Diso lagalasi limatuluka lakuda, lamoyolo limatuluka lofiira, ndipo akaona kufiirako ndi pamene amapuma. Chinthu chimene anachida moyo wawo wonse ndi chimene amachipempherera tsopano.

Ine ndinagula ambulera. Yaikulu, yofiira, yoti anthu atatu n'kubisalamo. Ndinaiimika pakhomo penipeni kuti aliyense aione. Amuna anga amailambalala. Amadziwa kuti sanalakwe, amanena okha, koma akaiona khungu limawachita tsembwe, ndipo mvula ikagwa amapitabe kugalaja akunyowa. Mumsewu akadali kumanzere kwa mng'ono wawo. Ndinawafunsa kuti nanga mukulipiranso chiyani, anati sadziwa kuyenda mbali ina.

Tsiku lina alamu anapita kwa amayi awo ali okha. Anatsitsa felemu yagolide ija, kuchotsamo chithunzi chokonza, n'kuikamo chenichenicho, cha kadontho koyera. Apongozi akuti anati, "Mwana wanga, ukufuna kundipha?" Iwo anati, "Ayi amayi, ndangobwezera chimene ndinachotsa." Chodabwitsa n'chakuti mayiyo sanachitsitse. Amachipukuta fumbi ngati kale.

Chaka chatha apongozi anadwala miyendo, ndipo amuna anga anapempha kuti tikawaone tonse, ndi Kabatani yemwe. Amake anakana kupita koma analola mwana. Anali atakula, wolongolola, tsitsi litamera lambiri, akuthamanga pabalaza mutu atapendeketsa pang'ono ngati bambo ake. Anakwera pampando n'kuyang'anitsitsa chithunzi chija.

"Agogo, uyu ndine?"

"Ndiwe, mwana wanga."

"Nanga choyera ichi m'diso mwanga n'chani?"

Apongozi anayang'ana mwanayo, anayang'ana pansi, kenako ndinaona pakamwa pawo pakukonzeka mmene panakonzekera kalekale pamaso pa oyandikana nawo.

"N'kuwala kwa kamera chabe, bambo ako anali asana..."

"Ayi, amayi."

Anali amuna anga. Munthu amene sanawadulepo mawu amayi ake chibadwire. Sanakuwe, koma anaimirira.

"Ine munandinamiza, zatha, ndakalamba nazo. Uyu ayi. Uyu adzabereka."

Apongozi anatseka pakamwa, misozi ikutsika, koma mawu oonawo sanatuluke. Tinadikira ndithu. Kenako alamu anagwada pafupi ndi mpando uja, kutsitsa felemu, n'kuiika m'manja mwa mwana wawo. Anamugwira kachala n'kukaika pa kadontho kaja.

"Ichi dzina lake ndi khansa," anatero. "Nanenso ndinali nacho. Uchiyang'anitsitse, Kabatani, usadzachiiwale. Ukadzachiona mwa mwana wako, usadzalole munthu akuuze kuti ufufute."